Mapaipi Anga Onyezimira

1

Funsani aliyense ku Grand Island, kaya komwera khofi, kaya kumsika wa ng'ombe, akuuzani: Orval Kucera sanagonjepo pa mkangano. Ndinakangana ndi akapitawo ku Alaska chisanu chikuthothola makutu, ndinapambana. Ndinakangana ndi ogulitsa akavalo ku Texas, anandipatsa kavalo ndi chishalo chomwe. Ndinachoka pakhomo pa bambo anga ndili mnyamata, ndili ndi jekete limodzi ndi mpeni wa m'thumba. Lero malole onyamula mchenga ndi kwale m'Nebraska muno ali ndi dzina langa pachitseko. Ndadya nkhanu ku Louisiana, ndavina ku Monterrey mpaka nsapato kubooka, ndagona m'lole ku Yukon mimbulu ikulira panja. Ine ndikaloza nkhunzi n'kunena kuti ndi yaikazi, anthu amathamangira ndowa yokamira.

Mkangano umene ndikufuna kukusimbirani ndinaupambananso. Ndi umene unandilanda mwana.

Ndili ndi mwana mmodzi yekha, Corinne. Mayi ake anatisiya iye ali kusekondale, ndipo kuchokera pamenepo dziko langa linali malole ndi Corinne basi. Anakwatiwa ndi makaniko, Efrain Bustos, mwini kagalaja ka zitseko ziwiri pafupi ndi njanji. Sindinamukonde. Munthu woti umuuze nkhani ya chimbalangondo cha ku Yukon, iye n'kungoti "Ooh," n'kupitiriza kumanga bawuti, ungamukonde bwanji? Koma chaka chimenecho Corinne anali woyembekezera, ndiye ndinkayesetsa kumeza.

Chaka chomwecho ndinagula galimoto ya maloto anga kwa mayi wina wamasiye ku Oklahoma: ya 1970, yofiira psuu, injini yake ikaliza mawindo a aneba ankanjenjemera. Ndinkafuna chikho cha pachionetsero cha magalimoto akale cha mwezi wa Juni. Ndinayitanitsa mapaipi atsopano otulutsira utsi, anayi mbali iyi anayi mbali iyo, onyezimira moti ukanatha kumeta ndevu ukudziyang'anirapo.

2

Mapaipiwo anamanga ndi Efrain. Tsiku loti ndikatenge galimoto ndinapita ndi mnzanga wa kuubwana, Hoyt Brandvold, mlimi wopuma amene ntchito yake tsopano ndi kundinyoza.

"Bambo, musanatenge makiyi tamverani kaye," anatero Efrain. "A Hoyt, takhotetsani chiwongolero."

Hoyt anakhotetsa. Pansi pa boneti panamveka kho. Anabweza. Kho.

"Galimoto yako ili ndi chifuwa, Orval," anatero Hoyt. "Yatengera mwini wake."

Efrain anandiwunikira ndi tochi. Chitsulo chochokera ku chiwongolero chimatsika mbali ya dalaivala, ndipo pamene chimalumikizana ndi cha kumatayala pamakhala kamphira kozungulira, kokhala ndi zikhomo ziwiri zachitsulo. Zikhomozo ndi zimene zinkagunda paipi yanga imodzi.

"Njira zilipo ziwiri," anatero. "Yoyamba, ndimasula mapaipi, ndimenya iyi ndi hamala, ilowe m'kati pang'ono ngati m'lifupi mwa chala. Lero lomwe mukwera. Yachiwiri, tiyitanitse chitsulo china chaching'ono, chopanda kamphira. Chifika chionetsero chitadutsa."

"Hamala? Pa mapaipi anga?"

"Aliyense amamenya, bambo. Mapaipi otere ndamanga ambiri, palibe imene ndinaisiya yosamenya."

Kuti mumvetse ukali wanga, pachionetsero chathu munthu amayala magalasi pansi pa galimoto kuti oweruza aone kumimba kwake osagwada. Kachiphwanya kamodzi, chikho chapita.

"Nanga tizikhomo timeneti tikutani pamenepa? Osangotichotsa bwanji?" ndinafunsa.

"Ndi alonda amenewo. Kamphira kakang'ambika, zikhomozo n'zimene zimagwira kuti matayala azimverabe chiwongolero. Ndipo pamenepa padzatentha, paipi yayandikira kwambiri."

"Iwe, ndinayamba kugwira sipanala mayi ako asanakuganize n'komwe."

"N'zoona, bambo. Koma chitsulo sichidziwa zaka za munthu."

Hoyt anaseka mpaka kutsokomola, n'kuvala chipewa. "Mphongo ziwiri khola limodzi. Ine ndapita, mkazi wanga waphika."

Hoyt anatisiya, Efrain atagwira hamala, ine nditagwira boneti. Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka. Sabata isanathe galimoto inali kwanga, chiwongolero chikuzungulira myaa, popanda kho ngakhale kamodzi.

3

Tsiku la chionetsero ndinavala shati yoyera ndi nsapato zanga za chikopa cha ng'ona za ku Monterrey. Magalasi ndinayala anayi. Oweruza anazungulira, anaweramira magalasi, wina anaimba likhweru. Chikho chinabwera kwa ine.

Galimoto iliyonse imakhala ndi chikwangwani chonena mbiri yake. Pa changa ndinalembetsa ndi zilembo zikuluzikulu kuti ntchito yonse inagwiridwa pa galaja ya Efrain Bustos. Mwini dzina sanabwere, Loweruka ndi tsiku lake la makasitomala. Anabwera ndi Corinne, atagwira m'chiuno, mimba ili patsogolo. Atawerenga chikwangwanicho anandikumbatira pamaso pa anthu onse.

"Adadi, mwamulandira tsopano."

"Ndalandira chiyani? Ndangolemba zoona."

"Inu mumalankhula kwambiri, koma mtima wanu ndimaudziwa," anatero akupukuta maso ndi shati yanga yoyera ija.

Chilimwe chonse ndinayenda nayo galimoto imeneyo. Ku tchalitchi, ku mpira, ku maliro ndi ku maukwati. Dzuwa la Nebraska pamwamba, moto wa mapaipi pansi.

Mu Seputembala, chimanga chitayamba kuuma m'minda, Corinne anabwera kwanga masana kudzatenga kabedi kamwana komwe iye anagonamo ali khanda. Titakakweza m'galimoto yake, anakumbukira kuti akufuna utoto wa kabediko, sitolo yake kutsidya kwa mtsinje. Ine ndi amene ndinatulutsa makiyi m'thumba.

"Kwera yofiirayi. Mdzukulu wanga amve injini yeniyeni akadali m'mimba, asadzabadwe wamantha ngati bambo ake."

"Adadi inu!" Anaseka, n'kuwakha makiyiwo m'malere.

Ndinaima pageti ndikumvetsera kulira kwa injini mpaka kunazilala.

4

Anandiimbira ndi wapolisi. Pokhota pamlatho waung'ono, Corinne anapotokola chiwongolero, chiwongolero chinazungulira chokha ngati mbale, matayala osamva. Galimoto inamenya khoma la kalavati ndi mbali ya kumanja.

Mwana anali wamwamuna. Madokotala anamutulutsa, sanalire. Corinne anathyoka chiuno pawiri.

Patapita masiku wapolisi yemweyo anabwera kuchipatala ndi kathumba ka pulasitiki. M'katimo munali kamphira kaja, kouma gwa, kothetheka ngati bisiketi yopserera.

"Kanapsa ndi kutentha kwa paipi," anatero. "Izo zimachitika. Koma pamenepa pamayenera kukhala zikhomo ziwiri. Wina anazidula ndi makina. Anagwira ntchitoyi ndani?"

Sanafunikire yankho. Tawuni yonse inawerenga chikwangwani changa.

Tinali atatu m'chipinda. Corinne pabedi, nkhope ili mbuu, Efrain mbali iyi, ine mbali iyo.

"Corinne, ine sindinadule," anatero Efrain. "Ndinkafuna kumenya paipi, bambo anakana. Anatenga galimoto ikugundabe."

Corinne anatembenuza mutu pang'onopang'ono. "Adadi, n'zoona? Munakana?"

"Kukana? Poyamba ndinakalipa, inde, Hoyt angakuuze. Koma pamapeto ndinati menya, mwana wanga, galimoto si munthu. Anamenya ine ndikuona. Kaya sizinakwane, kaya anawonjezera chiyani nditachoka, ine sindidziwa. Ndine munthu wa malole, za tizikhomo ndizidziwira kuti?"

"Bambo!" Aka kanali koyamba kumumva Efrain akukweza mawu. "Bambo, mwana wanga ali mufiriji pansipa, inu mukunena zimenezo?"

"Usandiloze chala, iwe. Ndinalemba dzina lako pachikwangwani ndi mtima umodzi. Ukanakhala kuti sunamalize ntchito, bwanji sunakane dzinalo?"

Munthu wosazolowera kulankhula akakwiya amaoneka ngati wolakwa. Ine ndinalankhula mpaka namwino anabwera kudzatitontholetsa. Corinne anayang'ana mwamuna wake nthawi yayitali, kenako anatambasula dzanja n'kugwira langa.

"Efrain, tuluka," anatero.

5

Mlandu sunapite kukhoti, umboni woti anadula ndani panalibe. Koma tawuni yaing'ono sidikira woweruza. Amene ankasiya magalimoto kwa Efrain anayamba kupita kwina. Wina analemba mawu oipa pachitseko cha galaja yake. Chisanu chisanathe anagulitsa zida ndi nyumba yawo, n'kupita ku Kansas. Ukwati unatha pa mapepala, mwakachetechete.

Corinne anabwerera kwanga. Ndinagwetsa masitepe a kukhonde n'kumanga potsetsereka. Ndinaphunzira kuphika supu ya mayi ake. Ndinkamutengera kokaphunzira kuyenda, ndikumusimbira za ku Alaska mpaka amwetulire. Ku tchalitchi azimayi ankandigwira dzanja.

"A Kucera, abambo ngati inu ndi osowa."

Ndinkayankha kuti mwana ndi mwana. Ndipo ndikuuzeni zoona, owerenga: miyezi imeneyo ndinali ndi Corinne ndekha, patebulo langa, ngati kale, ndipo mbali ina ya mtima wanga inkakondwa.

Hoyt yekha ndi amene anasintha. Komwera khofi anasiya kundinyoza. Tsiku lina ndili pakati pa nkhani ya kavalo wa ku Texas, anaika kapu pansi.

"Orval, paipi ija anamenyadi?"

"Ukufunsa chiyani, nkhalamba iwe?"

"Palibe. Kungoti oweruza aja ali ndi maso ngati akabawi, koma anakupatsa chikho."

"Anamenya kumbuyo, kosaoneka."

"Ooh," anatero Hoyt. Anayankha ngati Efrain.

6

Galimoto ija apolisi atabweza ndinaikankhira m'shedi ya kuseri n'kuifunditsa lona. Kuigulitsa ndinkaopa, kuiyang'ana ndinkaopa.

Chimanga chatsopano chitamera, Corinne anali atayamba kuyenda ndi ndodo. M'mawa wina titadya anati, "Adadi, ndikufuna ndikaione."

"Ya chiyani, mwana wanga? Ndi zitsulo chabe."

"Ndimailota. Mwina ndikaiona masana ndisiya."

Ndinakangana naye, koma mwana wanga ndi magazi anga. Anatenga makiyi a shedi pamsomali yekha. Ndinamutsatira.

Mbali ya kumanja inali yofinyika ngati chitini. Ya dalaivala, ya kumanzere kuno kwathu, inali yabwinobwino. Boneti apolisi anachotsa. Corinne anatsamira pa galimoto, anakoleka ndodo pagalasi, n'kuyang'ana pamene panali kamphira. Kenako anapisa dzanja, n'kuyendetsa zala pa paipi, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anazungulitsa zala kuseri kwake. Anabwerezanso.

"Yasalala," anatero.

"Chiyani?"

"Ndakhala ndikumugwirira Efrain mapaipi akamamenya, kuyambira tili pachibwenzi. Amandigwiritsa ndi nsanza, iye n'kuika kachitsulo kozungulira, n'kumenya katatu. Pamatsala dzenje loti chala chimakhalamo. Apa palibe. Paipi iyi hamala sinaione." Anatembenuka. "Munati anamenya inu mukuona."

Ine Orval Kucera, amene sindinasowepo mawu kuyambira Alaska mpaka Monterrey, ndinaima m'shedi yanga kukamwa kuli gwa.

Zinali chonchi. Tsiku lija Efrain anakana kundipatsa galimoto mwamtendere, ine ndinalanda makiyi n'kupita nayo ikugunda. Lamlungu m'mawa, anthu ali ku tchalitchi, ndinaikweza pa jeke, ndinatenga makina anga odulira zitsulo, n'kudula zikhomo zonse ziwiri. Sizinatenge nthawi yoti khofi azizire. Ndinakhotetsa chiwongolero, zii. Ndinaseka ndekha, ndikuti akatswiri a masiku ano ndi amantha. Efrain ataimba foni kufunsa za phokoso, ndinamuuza kuti munthu wina wa ku Kearney wandiikira chitsulo chatsopano chija. Anati, "Ndiye bwino, bambo." Ndinkati chionetsero chikadutsa ndikonzetsa. Chionetsero chinadutsa, galimoto inkayenda bwino, chikho chinali pa shelefu. Ndinaiwala. Tsiku lomwe ndinamuponyera Corinne makiyi, zikhomo sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono. Zinabwera wapolisi ataimba.

Ndinamuuza zonsezi, nditayang'ana pansi.

Sanalire. Sanakuwe. Anatenga ndodo yake pagalasi.

"Za makiyi ndikanakukhululukirani," anatero. "Mwina osati chaka chino, koma ndikanakhululuka. Koma munandigwira dzanja, adadi. Ndinathamangitsa mwamuna wanga tsiku loti akatenge mtembo wa mwana wake, inu mutandigwira dzanja."

"Corinne, ndinaopa kukutaya."

"Mwandisunga miyezi ingati? Yakukwanirani?"

Masana omwewo Hoyt anabwera ndi galimoto yake kudzamutenga. Sanatsike, sanandiyang'ane. Corinne ali ku Lincoln kwa mng'ono wa malemu mayi ake. Foni yanga sayankha.

7

Ndinaganiza kuti chimene pakamwa panga panagwetsa, pakamwa pomwepo pangamange. Ndinayendetsa kupita ku Garden City, ku Kansas. Efrain ndinamupeza pamalo okonzera matayala a malole, pafupi ndi makola a ng'ombe, atavala ovolosi ya dzina la munthu wina. Anali ataonda. Atandiona sanasiye kupopa tayala.

"A Bustos," ndinatero, chipewa chili m'manja. "Corinne wadziwa zonse."

"Anandiimbira."

"Ndiye bwererani. Ndikugulirani galaja ya zitseko zisanu, pamsewu waukulu. Malole anga onse azikonzedwa kwa inu. Ndikaima kutsogolo m'tchalitchi n'kunena ndi pakamwa panga kuti ndinadula ndine. Nyumba yanu ija ndiiwombola. Mukatenge mkazi wanu."

Anachotsa paipi ya mpweya, n'kupukuta manja.

"Ku tchalitchiko kaneneni, zimenezo ndi zanu ndi Mulungu. Koma Corinne ndi ine tinalankhula, tinalira, tatsazikana. Mukuganiza kuti anatilekanitsa ndi zikhomo? Ndinamuuza zoona ali pabedi paja. Anandiyang'ana m'maso, n'kusankha inu. Sindikumuimba mlandu, munamulera ndinu. Koma ndikamuona ndimaona dzanja lija likupita mbali yanu, iyenso akandiona amaona zomwezo. Zimenezo galaja ya zitseko zisanu siingakonze."

"Mwana wanga, tamverani, ine ndayenda, ndaona maukwati oposa apa akubwerera..."

"A Kucera," anandidula, mosakweza mawu. "Mwapambana kale. Mukufunanso chiyani?"

Owerenga anzanga, makamaka inu abambo amene patebulo mumalankhula nokha ena n'kumangogwedeza mitu: musamayese kuti kugwedezako ndi umboni woti mukunena zoona. Anthu amatopa, ena amakukondani, ndiye amakusiyirani bwalo. Ine anandisiyira kwa zaka makumi anayi, mpaka ndinafika pokhulupirira kuti chitsulo nachonso chidzandisiyira. Ku tchalitchi ndinakanena, anthu anamva, ena anandigwiranso dzanja kuti ndalimba mtima. Pepani sapoletsa chilonda. Kabedi kamwana kali m'chipinda chapansi, kopanda utoto. Nyumba yanga ili ndi potsetsereka popanda woyendapo.

Ndisanachoke pa matayala paja ndinamupempha Efrain kuti anene chilichonse, chilichonse choti ndichite, ndisabwerere chimanjamanja.

"Ntchito yomanga mapaipi ija simunandilipire. Munati pachibale salipiritsana."

Ndinatulutsa chikwama chonse n'kumupatsira. Anatsegula, anasankhamo, n'kundibwezera chotsalacho. Analowa mu ofesi kukasintha pepala limodzi, n'kudzandiwerengera chenje m'dzanja ngati kasitomala wodutsa.

"Tsopano sitili pachibale," anatero, n'kubwerera ku tayala lake.

Anatenga madola mazana atatu ndi makumi anayi.